Dontho la Buluu pa Chipumi cha Kapitawo

Dzina lawo lenileni linasuluka kalekale, moti ngakhale anzawo amene anakulira limodzi ankangowatchula kuti a Pakanso. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akawaitana kuti adzapake penti nyumba, n'kuyamba kuwanyengerera kuti koti imodzi yakwana, iwo ankapukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro.

"Yoyambayo ndi moni chabe," ankatero, bulashi ili m'mwamba. "Khoma limangoyimwa. Ukafuna kuti igwire, pakanso."

Anali bambo wamfupi, wa miyendo yamatewe, ndipo iwo ankati matewewo anabwera chifukwa chokhalitsa pamakwerero. Ovolosi yawo inali ndi mbiri ya tauni yonse. Pabondo panali chikasu cha sitolo ya zitsulo, paphewa panali penti wobiriwira wa kalasi ya ana aang'ono, ndipo kumbuyo kunali kofiira psuu kuyambira tsiku limene anakhalira benchi yoti angoipaka okha. Nyumba yawo nayo inali chimodzimodzi. Ankaipaka ndi zotsala m'zitini za anthu, ndiye khoma lililonse linali ndi mtundu wake, ndipo lakumsewu linali ndi mitundu iwiri chifukwa penti anawathera pakati. Mlendo akafunsa njira, anthu ankangomuuza kuti akafika panyumba yozunguza maso ija akhote.

Koma diso anali nalo, tisawanamizire. Ukawabweretsera kachibenthu ka penti kothothoka pachitseko, ankakayang'anitsitsa, n'kukatembenuzira kudzuwa, kenako n'kulowa m'kachipinda kawo ka zitini kuseri kwa nyumba. Mumangomva kutakasa ndi kung'ung'udza nyimbo. Potuluka, ngakhale mwini chitsekoyo sankathanso kuloza pamene panathothoka. Ndipo pa nkhani imeneyi a Pakanso sankadziwa kudzichepetsa. Ankati mtundu umene iwo angalephere kusakaniza sunalengedwe.

Munthu yemweyu, amene ankakwera pamwamba pa thanki ya madzi ya tauni mphepo ikuwomba, chitini chili kudzanja limodzi, ankaopa jakisoni moti n'zochititsa manyazi kunena. Paphewa lawo lamanzere panali chipsera cha katemera wa ali mwana, ndipo ankachionetsa kwa anthu ngati bala la kunkhondo. Ankati tsiku limenelo anawagwira aphunzitsi onse a pasukulu mpaka ndi mlonda yemwe. Kuyambira pamenepo, akadwala ankapempha mapiritsi. Namwino akangotembenukira kukabati, iwo ankachira pompo.

Galu anabwera panyumbapo ndi malemu akazi awo. Anamutola kuseri kwa msika ali kamwana, m'katoni, nthiti zili pamtunda. A Pakanso anakana kwamtuwagalu, amvekere panyumba pano pakamwa pakwana kale. Mayiwo anangothira mkaka m'chivindikiro cha chitini cha penti. Patapita zaka mayi aja anadwala n'kumwalira, ndipo nyumba ya mitundumitundu ija inazizira. Galuyo anakhala masiku akugona pakhomo la kuchipinda, osadya, akudikirira munthu amene sadzatulukanso. A Pakanso nawo ankachita chimodzimodzi, kungoti iwo anali pampando. M'mawa wina ananyamula makwerero kupita kuntchito, potembenuka n'kuona galu ali pambuyo. Sanamuthamangitse.

Kuntchitoko n'kumene galuyo anapezera dzina. Anthu akamakhetsa thukuta, iye ankasankha mthunzi wabwino, n'kugona mutu uli pamiyendo, diso limodzi likuyang'ana wogwira ntchito. Ikakwana nthawi ya chakudya, woyamba kudzuka anali iye. Amisiri anzawo anati uyu ndi Kapitawo basi, ndipo dzinalo linamukhala.

Panyumbapo a Pakanso ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa malole amene ankaoneka mwa apo ndi apo ngati mvula ya m'chilimwe, mkazi wake, ndi kamtsikana kawo kamene kanali kasanayambe sukulu. Agogo ake ankakatchula kuti Katsabola chifukwa pakamwa pake panali poyabwa. Mpongozi wawoyo anali mayi waukhondo ndi wadongosolo, wosaphonya tsiku la sikelo ngakhale kugwe mvula yamatalala. Ankawalemekeza apongozi ake, kuwachapira ovolosi yosachapika ija mosadandaula, koma akanena chinthu chinkachitika.

Tsiku lina m'deralo munadutsa galimoto ya chimkuzamawu ikulengeza. Agalu onse apite kubwalo la mpira Loweruka, kukalandira katemera wa chiwewe. Galu wobayidwa adzamupaka penti pachipumi. Wopezeka akuyendayenda wopanda chizindikirocho adzatengedwa ndi a khonsolo, ndipo aliyense ankadziwa kuti galu wotengedwa ndi a khonsolo sabwerera.

"Bambo, mwamva?" anatero mpongozi uja akuyanika zovala. "Galuyu amadyera mbale imodzi ndi mwana uyu tikangoyang'ana kumbali. Loweruka mupite naye."

"Apongozi, Kapitawo ndi wathanzi kuposa ine."

"N'chifukwa chake akubaya athanzi, bambo. Odwala sabaya."

Loweruka a Pakanso anamanga Kapitawo ndi chingwe chokokera ndowa ya penti, ulendo wa kubwalo. Kumeneko kunali chipwirikiti choti munthu ukanalipira kuti uonere. Agalu ena anabwera pa tcheni, ena pa waya wa magetsi, wina pa tayi ya bwana wake. Mayi wina anabereka wake kumbuyo ngati mwana. Mkulu wina anakankha wake pa wilibala, galuyo ali khale ngati mkwati. Pansi pa golo panali tebulo, dokotala wa ziweto ali ndi bokosi lozizira la mankhwala, ndipo pambali pake wothandizira wake ankaviika kasiponji m'chitini n'kudinda galu aliyense pachipumi.

A Pakanso ataona penti uja, anayamba aiwala mantha. Anali wabuluu wotuwirako, wamadzimadzi, wongoyenderera m'maso mwa agalu. Anauza munthu amene anali patsogolo pawo kuti uku n'kunyoza ntchito ya anthu, penti wotere sangagwire ngakhale pakhola la nkhuku. Koma mzere unkasendera, ndipo posakhalitsa anafika poti akutha kuona manja a dokotala. Anaona singano ikulowa m'kabotolo, ikutuluka, ikunyezimira padzuwa. Chigalu cha kutsogolo kwawo, chimene chinkaopseza anzake m'mawa wonse, chinalira kuti kwee ngati kamwana.

Mpaka lero sizidziwika kuti anayamba kuchita mantha ndani. A Pakanso amati Kapitawo anakoka chingwe mwamphamvu. Amene analipo amati chingwecho chinangogwa chokha m'manja mwa a Pakanso ataona singano ija. Chimene onse amagwirizana n'choti Kapitawo analiyatsa liwiro limene sanalionetsepo moyo wake wonse, mwini wake ali pambuyo, matewe ali pakapaka.

Anakamupeza kunyumba ina imene ankapaka sabata imeneyo, atabisala kuseri kwa matumba a simenti, akunjenjemera. A Pakanso anakhala pansi pambali pake kuti mtima utsike. Anamusisita, anamulankhula, anapumulanso pang'ono. Kunena zoona, anapumula nthawi yaitali ndithu. Pamene ankabwerera kubwalo, anapeza ana akusewera mpira, tebulo ndi galimoto zitapita.

Apa mutu unaima. Kunyumba kunali mpongozi, kumsewu kunali a khonsolo. Ataganiza za galu wa akazi awo akuponyedwa m'galimoto ya zitsulo, m'maso munalengeza misozi. Ali chiimire choncho, panadutsa kagalu ka munthu wina, chipumi chikadali chonyowa. A Pakanso anawerama ngati akukasisita, ndipo podzuka chala chawo chachikulu chinali ndi buluu.

Analowera kuseri kwa nyumba mwakachetechete n'kudzitsekera m'kachipinda ka zitini. Buluu pang'ono, woyera kadontho, wakuda kongonunkhiza. Anatakasa, anayerekeza ndi wa pachala paja, anawonjezera, anatakasanso. Mumtima sankaona ngati akunama. Ankati akungomubisa Kapitawo kwa a khonsolo mpaka Lolemba, ndipo Lolemba m'mamawa adzapita naye okha ku ofesi ya ziweto. Koma mmisiri ndi mmisiri. Penti wamadzi uja sakanamugwira ndi dzanja lawo, ndiye anatenga wamafuta, wa pa mageti. Anadinda dontho lozungulira bwino, analidikirira kuti liume, ndipo monga mwa dzina lawo, anapakanso.

"Walira?" anafunsa mpongozi atawaona akutulukira pakona ya nyumba.

"Ndani, Kapitawo? Ngakhale kuphethira."

"Nanga inu?"

"Ine ndinali nji, ngati mtengo wa magetsi."

Katsabola anaombera m'manja n'kumupsompsona galuyo pamphuno. Madzulo ake a Pakanso anapatsidwa nyama yaikulu kuposa masiku onse, ndipo inawakoma.

Lolemba linafika, koma linafika ndi ntchito ya geti la munthu wina wofulumira. Lolemba linalo kunagwa mvula. Lotsatira lake anangoiwala. Mvula ija inachita zimene a Pakanso ananena kubwalo kuja: inasuka zipumi za agalu onse a m'deralo, moti pakutha pa mwezi panalibe galu wachizindikiro. Kupatula mmodzi. Dontho la Kapitawo linkawala ngati chitseko cha banki. Anthu anayamba kumuloza mumsewu. Amayi ankauza ana awo kuti agalu enawo aziwathawa, koma wa a Pakanso yekhayo angathe kusewera naye, ndi wobayitsa. Telala wa nyumba yoyandikana ndi yawo, mayi wodziwa zonse, anafotokozera anthu kuti galu akakhala wa magazi abwino, mankhwala amagwira kwambiri ndipo chizindikiro sichichoka. A Pakanso akamva zimenezi ankangotsokomola. Choipa n'choti pansi pa manthawo panalinso kakunyada.

Tsiku lina akupaka mpanda wa garaja, panatulukira galu wachilendo, wowonda, dovu lili chuchuchu, akuyenda mokhotakhota ngati woledzera. Analunjika pamthunzi pamene panagona Kapitawo n'kumugwira khutu popanda ngakhale kuuwa. Amakanika anamuthamangitsa ndi zitsulo, ndipo kunamveka kuti anyamata a kudepoti anakamupha tsiku lomwelo. A Pakanso anatsuka khutulo ndi madzi amchere, nalumbira kuti mawa lomwe apita ku ofesi ya ziweto. Mawa lake anawaitana kuti apake makalasi sukulu isanatsegulidwe. Khutu linapola bwinobwino, ubweya unameranso, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Panapita masabata angapo. Kenako Kapitawo anasintha. Nthawi ya chakudya inakwana iye osadzuka. Anasiya kutsatira makwerero, n'kumakabisala pansi pa tebulo lakale kukhonde, kumdima. Ankawakha ntchentche zoti palibe, ndipo akauwa mawu ankatuluka osasa, ngati a galu wina. A Pakanso ankadziuza kuti ndi ukalamba.

Linali Lamulungu masana, mpunga uli pamoto. Katsabola anaona kuti mnzake sanadye, ndiye anakwawira pansi pa tebulo paja ndi chidutswa cha buledi. Kunamveka kukuwa. Pamene amatuluka, padzanja pake panali timabala tiwiri, tating'ono ngati pobaya minga, magazi akungolengeza.

Telala uja anali atafika kale pampanda, tepi ili m'khosi. Anayang'ana dzanjalo, anasuzumira pansi pa tebulo, n'kuusa moyo.

"Aa, mwayi wake ndi galu wobayitsa uyu. Taonani chizindikiro, chikuwala mpaka lero. Akanakhala wa eni akewa bwenzi tikuthamangira kuchipatala. Mungomutsuka basi, amake mwana."

Mpongozi uja anapukuta dzanjalo ndi kansalu konyowa, anamanga, namupatsa mwanayo switi kuti atonthole. Kenako anayang'ana apongozi ake ndi nkhope yothokoza.

"Mwaona bambo? Mukanakana tsiku lija, lero tikanagwira mtengo wanji? Tiyeni tidye, chakudya chizizira."

A Pakanso anakhala patebulo. Anatapa mpunga, n'kuubwezeranso m'mbale. Kutsogolo kwawo Katsabola anali ataiwala kale, akuseweretsa supuni ndi dzanja lomanga lija, akufunsa ngati Kapitawo wakwiya chifukwa buledi analibe majarini. Kungokhala chete kukanatha zonse. Palibe munthu padziko amene ankadziwa, ndipo penti wawo sakanawaulula. Anaganiza za nkhope ya mpongozi wawo, za telala amene akanafalitsa nkhaniyo dzuwa lisanalowe, za dzina lawo m'tauni yonse. Kenako anakumbukira galu wa dovu uja akuyenda mokhotakhota, n'kuyang'ananso kamwanako. Mantha amene anawagwira apa sanali ngati a jakisoni aja. Awa anali ozizira.

"Apongozi," anatero, mawu ali pansi. "Galuyu sanabayidwe."

"Mwati bwanji, bambo?"

"Anathawa pamzere. Chizindikirocho ndinapaka ndine. Ndipo mwezi watha analumidwa ndi galu wachiwewe kugaraja."

Mayiyo sanakuwe, sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anaika supuni pansi pang'onopang'ono, ananyamula mwana wake, anapita naye pampopi wa panja. Anamasula kansalu kaja n'kuyamba kutsuka timabala tija ndi sopo, madzi akuthira, kutsuka, kutsukabe, Katsabola akulira kuti amayi mukundipweteka, iye osasiya. Ali chitsukire analankhula osatembenuka.

"Mutsekereni galuyo. Mukatha mutipeze pamsewu. Mukanene nokha kuchipatala, ine sindikakunenerani."

A Pakanso anatenga thabwa n'kumukankha Kapitawo pang'onopang'ono mpaka m'kachipinda ka zitini. Pofuna kutseka chitseko, galuyo anatembenuka, dzino linawakanda pachala. Anamanga ndi kansanza ka penti n'kuthamangira kumsewu.

Kuchipatala anapeza namwino wa thupi lake, magalasi ali pamphuno, munthu amene a Pakanso anamupakirapo nyumba. Anafotokoza nkhani yonse ataimirira, chipewa chili m'manja, anthu a pabenchi makutu ali tcheru. Namwinoyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye mukuti galuyo munamutemera ndi bulashi?"

Pabenchi wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Mwachita bwino kubwera lero lomwe," anapitiriza namwinoyo, manja ali kale pantchito. "Matendawa amayenda pang'onopang'ono kuchoka pabala kupita kumutu. Katemera akalowa msanga, thupi limaphunzira kumenya nkhondo iwo akadali panjira. Koma akafika, munthu n'kuyamba kuopa madzi, palibenso chimene ife tingachite. Bwera kuno, mwanawe."

Singano italowa, Katsabola anakwinya nkhope, anati ayi kamodzi, zinatha. Kenako namwino analoza kansanza ka pachala paja.

"Icho n'chiyani?"

"Aa, ichi? Msomali, mayi. Wa pachitseko."

"Bambo," anatero mpongozi uja. Mawu amodzi okhawo.

"Dzino," anavomera a Pakanso.

"Pindani malaya."

Anakhala pampando thukuta lili kamukamu. Chipinda chinayamba kuzungulira. Anamva kabotolo kakulira, anamva fungo la mankhwala opukutira, ndipo miyendo inayamba kufunafuna khomo yokha. Pomwepo kadzanja kena kanagwira chala chawo.

"Agogo, musayang'ane uko. Yang'anani khoma. Ndi mtundu wanji uwo?"

A Pakanso anakweza maso. Khomalo linali lobiriwira motuwa, mizere ya bulashi ikuonekera, pakona penti wakale akusuzumira.

"Wapaka apa ndani?" anatero mokwiya. "Iyi ndi koti imodzi iyi! Ndiponso sanapale khoma, taonani m'munsimo mmene..."

"Tamaliza," anatero namwino.

Anayang'ana paphewa pawo osakhulupirira. Anayamba kudzuka ngati munthu wopambana mlandu, koma namwinoyo anawauza kuti onse awiri abwerenso pa masiku amene awatchulire, osaphonya ngakhale limodzi.

"Kubweranso? Imodziyi siikwana?"

Namwinoyo anakankhira magalasi m'mwamba. "Yoyambayi ndi moni chabe, a Pakanso. Si mmene munandiuzira kunyumba kwanga kuja?"

Mawa lake kunabwera dokotala wa ziweto, yemwe uja wa pansi pa golo. Anasuzumira pawindo la kachipindako nthawi yochepa chabe, n'kupukusa mutu. Anati asatsegule, asamupatse chakudya ndi dzanja, ndipo sizitenga nthawi. Sizinatengedi nthawi. A Pakanso sanapite kuntchito masiku amenewo. Ankakhala pa chitini chopanda kanthu kunja kwa chitseko, akumulankhula Kapitawo za nyumba zimene anapakira limodzi ndi za mayi amene anamutola m'katoni. M'mawa wina m'katimo munali zii.

Dokotala anabwera ndi magolovesi ndi thumba. Asanakulunge mtembo wa Kapitawo, a Pakanso anapempha magolovesi ena. Anaviika kansanza mu thinala wochotsera penti, anagwada, nayamba kupukuta chipumi chija. Sankafuna kuti galu wa akazi awo apite ndi bodza lawo pankhope. Anapukuta, anapukutanso, misozi ikugwera pa ovolosi. Ubweya unanyowa, koma buluu uja anali atalowerera mpaka pakhungu.

"Penti wanji ameneyu?" anafunsa dokotala.

"Wamafuta. Makoti awiri."

"Wagwira," anatero dokotalayo. Sanali kunyoza, ankangonena zimene akuona. M'moyo wawo wonse a Pakanso anali asanayamikiridwepo ntchito n'kumva kuwawa chonchi.

Masabata otsatira anali aatali. Mwana wawo anabwera ndi lole, anamva nkhani, anakhala panja ndi bambo ake, kenako anapita. Mpongozi ankaika chakudya patebulo n'kubwerera kukhitchini, ulemu wonse ulipo koma mawu palibe. Telala, monga mwa ntchito yake, anaisoka nkhaniyo n'kuigawa tauni yonse, ndipo anawonjezera kuti iye anali atakayikira kale. Pa tsiku la jakisoni lililonse, woyamba kuvala nsapato anali a Pakanso. Pofika ulendo womaliza anali atatsutsa makoma onse a chipatalacho, mpaka denga.

Koma mawu a namwino aja, oti munthu amayamba kuopa madzi, anawakhala m'mutu. M'mawa uliwonse ankatunga madzi m'kapu n'kumupatsa Katsabola, iwo n'kuima pambali mpweya ataugwira, maso ali pakhosi pa mwanayo. Akameza, nawo ankapuma. Masana kapu ina, pobwera kuntchito ina, mwana akangoti tsokomo kapu yafika kale.

"Agogo, ine si maluwa!" anadandaula Katsabola tsiku lina. "Mimba yanga ikuchita kulira ngati chigubu!"

Kukhitchini kunamveka kuseka. Kunali kochepa, kotsekedwa msanga ndi dzanja, koma a Pakanso anakumva. Anakhala pansi pakhonde kapu ili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni zija anaona kuti kunja kwacha bwino.

Chaka chinatembenuka. Katsabola anayamba sukulu, timabala tija titasanduka timadontho tiwiri toyera timene ankaonetsa anzake ngati bala la kunkhondo. Mthunzi wa kuntchito unalibe mwini, ndipo a Pakanso ankadya chakudya chawo chonse okha, chinthu chimene sichinawasangalatse n'komwe. Kenako galimoto ya chimkuzamawu inadutsanso. Loweruka m'mawa, akumanga nsapato, mpongozi wawo anaika katoni patsogolo pawo. M'katimo munali kagalu kabulauni, makutu aakulu kuposa mutu.

"Ka kwa mchemwali wanga," anatero. "Kakwana msinkhu wobayitsa. Tipitira limodzi, bambo."

"Simukundikhulupirira, apongozi?"

"Ndikukukhulupirirani. Koma tipitira limodzi."

Anapita atatu, katoni ili m'manja mwa a Pakanso. Mzere unali womwe uja, wa mawaya ndi mawilibala, ndipo ena atawaona anayamba kufunsa ngati abweretsa chitini chawo. A Pakanso anangomwetulira. Atafika patebulo, Katsabola anawagwira chala n'kuwauza kuti ayang'ane golo, koma iwo anakana. Anakagwira okha kagaluko, maso ali tong'o, ndipo anaona singano ikulowa pakhungu, mankhwala akutsika mpaka kutha, singano ikutuluka. Sanaphethire n'komwe.

Wothandizira uja anaviika kasiponji n'kudinda. Dontholo linakhala chakumbali, lokhota, penti wamadzimadzi akuyenderera kukhutu. A Pakanso anatsegula pakamwa, chala chili kale m'mwamba. Mpongozi wawo anawayang'ana. Anatseka pakamwa, n'kunena kuti zikomo.

Mvula inagwa sabata yomweyo, ndipo pofika Lamulungu pachipumi pa kagaluko panalibe kanthu. Katsabola anathamangira kwa agogo ake ali ndi nkhawa, amvekere chizindikiro chafufutika, anthu adziwa bwanji kuti ndi kobayitsa. Chitini cha buluu uja chinali chikadali pashelefu m'kachipinda ka zitini, chotseka bwino, chokwanira agalu a tauni yonse. A Pakanso anakanyamula kagaluko n'kukasisita pamene panalowa singano.

"Asadziwe," anatero. "Ife tinaona."